Mita ya magetsi ndi imene inandionetsa poyambira

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kusindikiza, antchito awiri, komanso firiji ya zoziziritsa kukhosi za makasitomala akamadikira. Nditayamba kuganiza zoti bizinesi yangayi isamawononge chilengedwe, mtima wonse unali pa sola. Nditamva mtengo wa mapanelo ndi mabatire ake, ndinangoti kakasi.

Ndiye ndinayamba ndi kope ndi bolopeni basi. Kwa sabata yathunthu ndinkalemba nambala ya pa mita madzulo potseka, n'kulembanso m'mawa potsegula. Shopu ili chitsekere, mayunitsi ankapita ndithu. Firiji ndinkaidziwa kuti imagona ikulira, koma tsiku lina m'mawa ndinagwira makina a fotokope ndipo anali ofunda ngati wina wangowagwiritsa ntchito. Makina a tona (ufa wosindikizira) ali ndi kachitsulo kotentha kamene kamasungunula tonayo kuti imatirire papepala, ndipo ukawasiya ali tcheru amakhala akudzitenthetsa usiku wonse. Ndinawatchera kuti azigona okha pakatha mphindi 15 osagwira ntchito, ndipo potseka timazimitsa pa soketi penipeni. Makompyuta ndi matchaja ndinawalumikiza pa ekisitenshoni imodzi yokhala ndi switchi, kuti womaliza kutuluka asamakwawe pansi pa tebulo.

Kenako mababu. Ndinali ndi 8 akale aja a mawati 60. Akayaka maola 10, ndiye kuti mayunitsi 4.8 apita, popeza yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi chimodzimodzi, ndipo 8 otere pa maola omwewo amadya mayunitsi 0.72 okha. Sindinagule onse tsiku limodzi. Ndinayamba ndi amene amayaka nthawi yaitali. Apa ndinapusanso ndekha: ndinathamangira otchipitsitsa, opanda chilichonse cholembedwa pa katoni, ndipo awiri anayamba kuphethira mwezi usanathe. Pano ndimayang'ana malumeni, omwe ndi muyeso wa kuwala. Cholowa m'malo mwa babu la mawati 60 chimafunika malumeni pafupifupi 800.

Firiji ndinaiyesa ndi pepala. Umalipana ndi chitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, mphira wa pachitseko watha ndipo kuzizira kukuthawira pomwepo. Langa linachita kugwa lokha. Ndinasintha mphirawo, n'kupukuta fumbi lomwe linaunjikana pa mapaipi akumbuyo, kenako tinaikankha kuichotsa pawindo pomwe inkawombedwa ndi dzuwa, n'kusiya mpata pakati pa iyo ndi khoma.

Za mapepala zinavutirapo chifukwa zimakhudza anthu. Ndinatchera makina kuti azisindikiza mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku loyamba lomwelo mayi wina anakwiya, ati kalata yofunsira ntchito siyenera kutero. Sanalakwe. Tsopano timafunsa kaye, ndipo ana asukulu okhala ndi manotsi ambiri amavomera msanga, poti mtolo wawo umachepa ndi theka. Mapepala olakwika, ngati alibe zinsinsi za munthu, timawadula panayi n'kuwamanga ndi sitepula kukhala timabuku tolembamo maoda. Jumbonso sitipereka tisanafunse. Ambiri amangoti aika m'chikwama.

Chizolowezi chimene ndimachita nacho manyazi ndi chotentha zinyalala kuseri kwa shopu, mapulasitiki ndi makatiriji (timabokosi ta tona) omwe. Utsi umenewo ndi poizoni. Makatiriji pano timakadzazitsa tona ina mpaka atayamba kusiya mizere papepala, ndipo batire lakale la UPS (kachipangizo kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima), lomwe lili ndi mtovu ndi asidi, ndinalibweza kwa wogulitsa pogula latsopano.

Sola ndikuifunabe, koma mawerengero a m'kope muja akusonyeza kuti mapanelo ofunika tsopano ndi ochepa kusiyana ndi amene ndinafunsa poyamba paja. Mita ndimawerengabe Lolemba lililonse. Sabata ino ndikulimbana ndi mpopi wa kubafa, womwe wayamba kudontha.