Heater plug imodzi yandidyera masiku atatu

Sabata yathayi ikanakhala ya masiku onse pakanapanda Prado ija. Lolemba tinasintha kilachi ya minibasi, tinapanga sevisi ma Hilux awiri, kenako kunabwera ka Vitz kolira mabuleki, zomwe nonse mukuzidziwa, palibe chokamba. Juni ino Blantyre kwazizira zedi, chiperoni chikangotsika ma dizilo akale onse amayamba kutsokomola mmawa, ndiye ntchito ya ma heater plug, kapena kuti mahita, timapulagi totenthetsa injini ya dizilo kuti ilire kukazizira, yachuluka. Ambiri eni ake chaka chonse sadziwa kuti mahita anafa kalekale, amadzadziwira mwezi uno.

Lachiwiri chakumasana inalowa Prado yakale ya injini ya 1KZ-TE, mwini wake ndi bambo wina wachikulire amene amanyamula katundu kupita naye ku Thyolo. Akuti mmawa imavuta kulira, amapukusa mpaka batire kufooka, ikalira ndiye utsi woyera tolo, kunjenjemera ngati ikulira masilinda atatu, ikatentha zonse bwinobwino. Ndinachotsa kachitsulo kolumikiza ma plug anayiwo, kuyeza imodziimodzi ndi mita. Yabwino imawerenga pansi pa 1 ohm. Imodzi yokha ndi imene inali moyo, zitatu zinazo zii. Nditasuzumira pansi pa chiwongolero ndinapeza kabatani, wina wake anadumpha timer, kachipangizo kozimitsa mahita nthawi yake ikakwana, nkulumikiza mahita molunjika kuti dalaivala azidina yekha. Ndinawafunsa madalawo kuti mumadina nthawi yaitali bwanji, akuti "kukazizira ndimawerenga mpaka 60 mwanawanga". Apa mtima unagunda. Plug yootchedwa choncho tsiku ndi tsiku nsonga yake imatupa, ndipo ukawonjezera mwaye umene umauma mozungulira mmenemo kwa zaka, imakhala ngati anaimata ndi simenti.

Ndinauza abwana kuti galimoto imeneyi isiyidwe igone. Ndithire mafuta omasulira dzimbiri pa plug iliyonse, mawa tiilize itenthe bwino, ndithirenso, kenako ndimasule ikadali yofunda. Hedi ya 1KZ, mutu wa injini momwe mumalowa ma plug, ndi ya aluminiyamu, ikatentha imafutukuka kuposa chitsulo cha plug, ndiye kamagwira mofewa pang'ono. Abwana akuti ayi, kasitomala akufuna galimoto lero, pamalopo pakufunika paime ina. Ine ndinati sindigwira. Ananditumiza ku Limbe kukasaka ma plug atsopano, zomwe zinandidyera maola awiri chifukwa mashopu ambiri akungoti katundu sanabwere, ndalama zakunja zikuvuta, ndipo amene ali nazo akugulitsa zopanda dzina zomwe sindingaike mu galimoto ya munthu. Ndinapeza za Denso pa shopu yachinayi.

Pobwerera ndinangoona nkhope ya mnyamata wathu wophunzira ntchito, ndinadziwiratu. Abwana anamuuza kuti ayambe kumasula ine ndisanabwere, injini ili yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Zitatu zinatuluka, mwamwayi. Ya silinda 3 inakana, mwanayo anakauza abwana kuti yalimba, iwo osadzuka nkomwe pampando anangoti "ika paipi pa sipanalayo, ndiwe mwamuna iwe". Anaika paipi. Thapu! Mutu wa plug unatsala mu soketi, zina zonse mu hedi.

Anzanga amakaniko, plug ya saizi ya M10 imamangidwa pa 13 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira) pa injini imeneyi, ndipo imaduka ukafika cha m'ma 35 Nm. Mphamvu imeneyo ndi yochepa, ngakhale mwana wa sukulu atha kuifikitsa ndi dzanja limodzi, nanji ndi paipi. Ndakhala ndikupempha torque wrench yaing'ono, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa garaja pano kuyambira chaka chatha, imene ilipo ndi yaikulu yomangira mahedi ndi mateyala, siimva kanthu pa manambala ang'onoang'ono otere. Seti yochotsera ma plug oduka ndiye ndinasiya nkuitchula komwe, yankho limakhala lomwelo, "tiona mwezi wamawa". Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri sichimenecho ayi, ndi chakuti madala aja atabwera madzulo abwana anawauza kuti mnyamata waononga chifukwa cha phuma lake, ndipo amudula malipiro. Mwana amene amalandira ya sopo yokha. Ndinaluma mano, pamaso pa kasitomala sindinayankhe kanthu.

Abwana njira yawo inali yoti titsitse hedi. Kutsitsa hedi ya 1KZ ndiye kuti gasiketi yatsopano, lamba wa taimingi umuchotse, manifodi onse, madzi, oilo, ndipo aliyense amene anagwirapo injini imeneyi akudziwa kuti mahedi ake amakonda kung'aluka, ukaitsegula umapeza zimene sumazifuna ndipo kasitomala amati mwaswa ndinu. Ndinati ndipatseni masiku awiri ndiyese ili pomwepo.

Lachitatu lonse linathera kukonzekera. Ndinachotsa mapaipi a dizilo ndi zonse zotchinga kuti dirilo ilowe mowongoka, ndinazula nozulo yopopera dizilo mu silinda 3, ndinazungulitsa injini mpaka pisitoni yake ifike pamwamba kuti kanthu kakagwa kasapite patali. Ndinapita kwa mkulu wina wa lathe ku Ndirande kuti andisemere kachitsulo kotsogolera dirilo, chifukwa kuboola ndi manja okha pa aluminiyamu ukangopendeka pang'ono wadya hedi, ndiye basi nkhani yatha. Pobwerera magetsi anali atazima. Jenereta ilipo koma mafuta ake mpaka tikangane kaye. Tinakhala pansi kuwothera dzuwa, ine ndikungothira mafuta pa chitsa chija ola lililonse.

Mnyamata uja anabwera ndi easy-out, kachitsulo kozulira mabawuti oduka, akuti tiyese. Ndinamuuza kuti mphwanga, kabwezere komwe wakatenga. Kachitsulo kameneko ndi kolimba kuposa dirilo iliyonse imene tili nayo, kakadukira mkatimo palibenso choboola, komanso kamakankhira plug m'mbali nkuilimbitsa kwambiri.

Lachinayi ndinayamba 7 koloko magetsi asanapitenso. Poyamba kuchotsa kawaya kolimba kapakati, kenako dirilo yaing'ono, kukwera pang'onopang'ono, girisi pa nsonga kuti tizidutswa timamatire, kuboola pang'ono, kutulutsa, kupukuta, kuuzira mpweya wa kompuresa kudzera pa bowo la nozulo kuti zinyalala zizitulukira kunja. Ndinaima ma thread a hedi, mizere imene plug imamangikamo, atangoyamba kuonekera, zotsalira za plug ndinazitokosola ndi kawaya kosongoka zikutuluka ngati sipuling'i. Apo msana unali utauma, khosi ngati ndasenza thumba la chimanga. Chinatsala ndi chimene ndimachiopa, kapaipi kapansi kokhala ndi nsonga yotupa ija. Ndinadula ma thread mkati mwake, kumangamo kabawuti kakatali, kumangirira ku slide hammer, hamala yogogoda mokokera kunja. Kugogoda pang'ono, mafuta, kudikira, kugogodanso. Kwa nthawi yaitali sikanasunthe olo pang'ono, abwana anadutsa kawiri konse akuti "mesa ndinanena kuti titsitse hedi". Cha m'ma 3 koloko ndinamva kakuti tswii, kenako kanabwera konse, nsonga ili yonenepa ngati mutu wa machesi, yakuda bii, koma yathunthu. Ndinaiyika pafupi ndi plug yatsopano kuyerekeza kutalika, palibe chimene chinatsalira mkati. Ndinalowetsabe maginito pa bowo la nozulo, inatuluka ndi kafumbi chabe.

Ndinayeretsa ma thread ndi tap, kachitsulo kosemera ma thread, kupala mwaye m'mabowo onse anayi, kupaka girisi wosapsa, kulowetsa ma plug ndi zala mpaka atakhala, nkumaliza ndi torque wrench yobwereka kwa mnzanga wa garaja ya kuseri. Kabatani kaja ndinakadula, vuto linali waya wothothoka wopita ku relay, siwichi yopatsa mahita magetsi, ntchito ya mphindi 20 imene wina anaithawa nkupha nayo ma plug. Nozulo ndinaibwezera ndi washala watsopano, ndinawauza madala aja kuti akayezetse ma nozulo onse, chifukwa yodontha nayonso imaotcha nsonga za mahita.

Lachisanu mmawa kunja kuli nkhungu, kiyi kamodzi, inalira osatsokomola. Madala aja anagwira abwana chanza ndi manja awiri kuwathokoza, ine ndili pansi pa minibasi ina ndikumangitsa ekizozi. Atapita ndinalowa mu ofesi, ndinaika chitsa cha plug chija pa tebulo pamodzi ndi paipi ija, ndinati bwana mukadula malipiro a mwanayu ine Lolemba musandiyembekezere. Anangoti tikambirana. Loweruka tinagwira theka la tsiku, ma sevisi atatu ndi Canter yotaya madzi. Mnyamatayo walandira zake zonse. Za torque wrench akuti mwezi wamawa.