Babatoni wamveka pa sipika, vuto lonse linali impedance

Babatoni wanga uja, bezi yopanga pamanja ya waya umodzi, wamveka amwene. Sindikunena kumveka kwa m'chipinda komwe umachita kuuza anthu kuti tatontholani kaye mumve ayi, ndikunena kudutsa pa mikisa nkutulukira pa sipika yaikulu, bezi yogunda pachifuwa mpaka malata a galaja kuyamba kuyankhira. Linali Loweruka madzulo, mlamu wanga anasiya kiyibodi ikudziimbira yokha nkuyamba kuvina kkkk. Nde ndati ndilembe zikadali m'mutu chifukwa alipo ambiri omwe anamata piezo, kachitsulo kotola kunjenjemera nkukusandutsa mawu a pa sipika, pa chida chawo nkumadabwa kuti bezi yalowera kuti.

Tilipo anayi, ndipo chomwe chinatikumanitsa si bandi. Kuno ku Chilomoni kuli babashopu ina komwe amabenanso nyimbo mu memore, nde aliyense wa ife ankapita kukafunsa zakale zija mafana a masiku ano sazifuna, mapeto ake tinayamba kumangokhala pabenchi pompo ngakhale tsitsi lisanakule. Mnzanga wa gitala ndi wa Ma Blacks weniweni, chikumbutso cha Evison Matafale ku Gadaga sajomba, ndipo ukangotchula Novembala 2001 nkhope imasintha. Mlamu wanga mtima wake uli ku Balaka, anakulira Alleluya Band ndi makaseti a kwa OG Issa ku Limbe, Lucius Banda atamwalira mu Juni 2024 munthuyu ankalira ngati wafa ndi wa kuchimuna kwawo. Madala eni babashopu ndi a kwela, fuluti amaiimba ndithu ngakhale mpweya umawathera msanga. Ine ndine wa banjo, za Allan Namoko wa ku Thyolo zija, zosafuna magetsi.

Mkangano sunkatha, wina akuti reggae ndiye nyimbo, wina akuti biti ya ku Balaka ndiye yathu, mpaka tsiku lina madala ali mkati mometa munthu anangoti, "Ana inu mukulimbana chiyani, reggae yanuyo ndi kwela yangayi zachokera mudzi umodzi, kwa Singano ku Chileka, a Kachamba ndi a Fumulani onse ndi a komweko." Ndipo nzoona. Daniel ndi Donald Kachamba anakhalako ku Salisbury, Harare ya leroyi, komwe kwela ya ku Joni inali itafika kale, atabwerera kumudzi nkuyamba kuimba m'misewu ya Blantyre, komwe Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza mu 1967 nkuwajambula. Zida zake fuluti, gitala, chisekese ndi bezi ya chingwe chimodzi basi. Pabenchi pomwepo ndi pomwe mawu oti "bwanji tiyambe yathu" anatulukira, anawayamba ndi wa gitala uja ngati nthabwala, koma palibe anaseka.

Ine maganizo anga ndinawanena poyera ndipo sindinasinthe: bandi imeneyi imangidwe pa babatoni, osati pa biti ya mu kiyibodi. Kiyibodi ikhalepo inde, koma ikangoyamba kutulutsa ng'oma ndi bezi yokha, ena tonse timasanduka operekeza mkwati. Taonani Madalitso Band, anthu awiri okha ochokera m'misewu ya Lilongwe, gitala ya zingwe zinayi, ng'oma yogunda ndi chidendene ndi babatoni, mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar ndipo kuchokera pamenepo ku Ulaya akhala akupitako mobwerezabwereza. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay naye ndi babatoni, waya umodzi, botolo lotsetsereka pa waya posintha noti ndi kamtengo komenyera. Nde tisamanamizane kuti tikudikira ndalama ya bezi gitala.

Kapangidwe ka babatoni sindichulutsa, ambiri mukudziwa. Bokosi la matabwa a paini, pamwamba chikopa cha ng'ombe chokhomera chikadali chonyowa kuti chikauma chikoke chokha, mtengo wa bulugamu wa pafupifupi mamita awiri, kumapeto kwake bawuti yochunira. Waya ndi wa mu tayala, uja wa m'mphepete mogwira limu. Apa pokha ndichenjeze, ena amawotcha tayala kuti waya atuluke msanga, musatero aise, moto umafewetsa chitsulo ndipo waya wotero ukamukoka amangotamuka osalira. Dulani mphira ndi mpeni pang'onopang'ono, musolole, mupale ndi sandipepa mpaka ayere. Zala zimapweteka koma mawu ake ndi ena. Ndinamuchuna pa G chifukwa nyimbo zathu zambiri zimangozungulira pa C, F ndi G, malo oyika botolo ndinalemba ndi choko pamtengopo.

Payekha ankalira bwino kwambiri. Vuto linayamba tsiku loyamba kuyeserera tonse pamodzi, gitala pa ka ampu kake, kiyibodi pa mikisa, ine ndikumenya mpaka thukuta koma palibe akundimva, ngakhale ine mwini. Tinayika maiki pafupi ndi chikopa, ukangokweza pang'ono fwiiii, agalu a aneba kuyamba kuuwa, ukatsitsa babatoni wasowa. Tinaiponya mkati mwa bokosi, zinangoipiraipira, phokoso lokhalokha la uuuu. Apa ndi pomwe ndinakasaka piezo, kachitsulo kozungulira kaja ka mamilimita 27 komwe kamapezeka mu ma buzzer, nkuwotcherera waya wa jaki.

Amwene, zomwe zinatuluka pa sipika zinali ngati mwana akugogoda chitini cha mkaka. Kamtengo kakagunda waya kumamveka kha kha kha, botolo likamatsetsereka kumamveka kukwecha konse, koma bezi ziii. Ndinamata pachikopa pakati, zomwezo. M'mphepete, zomwezo. Pansi pa buliji pomwe waya amapanikiza, mawu anakula koma ndi kha kha yemweyo wangokwera volyumu. Pa mikisa ndinapotokola low mpaka kumapeto, high kutsekeratu, chomwe chinabwera ndi hamu basi, mmmm osaleka. Ndinasintha guluu, ndinayesa selotepu ya mbali ziwiri, ndinayika kachidutswa ka chubu cha njinga pakati kuti mwina kafewetse, ndinagula ka piezo kena poganiza kuti koyambako nkakufa. Madala anati vuto ndi chikopa, tichiwambe pa mbaula kenako timate phula pakati monga amachitira ndi ng'oma za gule kuti mawu atsike, tinachita, m'chipinda anamveka wonenepa bwino koma pa sipika chitini chomwe chija. Mlamu anayamba kale kunena kuti "alamu, bezi ndingoisewera ndi dzanja lamanzere, musavutike," ndipo mawu amenewo ndi omwe ankandisowetsa tulo kuposa china chilichonse.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu. Tsiku lina wa gitala atatuluka kukayankha foni ndinasolola jaki yake nkulowetsa yanga mu ka ampu kake, bezi inabwera! Koma ka sipika kake nkakang'ono, kanayamba kupwepwera ngati kang'ambika, mwini wake anabwera chothamanga, "aise undiphera ampu," nkhani inathera pomwepo. Nde funso linali loti piezo yemweyo, waya yemweyo, bwanji pa ampu ya gitala bezi ilipo koma pa mikisa yomwe ili ndi sipika ya mainchesi 15 palibe?

Yankho linachokera kwa mfana wina wokonza mafoni ndi ma ampu pafupi ndi babashopu, ndinangomufotokozera poyimirira, iye osadzutsa nkomwe mutu pa zomwe ankawotcherera anati "biggy, imeneyo ndi impedance." Impedance ndi mmene chipangizo chimatsekerezera magetsi a mawu, amaiyeza mu ma ohm. Anafotokoza chonchi. Piezo pa zamagetsi amachita zinthu ngati capacitor, wanga atamuyeza pa mita anawerenga pafupifupi 20 nF. Polowera pa mikisa polembedwa line pamakhala cha m'ma 10k ohms. Ziwirizi zikakumana zimapanga sefa yodula mawu otsika, ndipo pomwe imayambira kudula umapeza powerengera 1 kugawa ndi 2πRC, anatayipa pa foni, yankho pafupifupi 800 Hz. Ndekuti chilichonse cha pansi pa 800 chimafooka, ukamatsika chimafookeratu. Tsono G wa babatoni wangayu ndi 49 Hz, E wotsikitsitsa pa bezi gitala ndi 41 Hz, mukuona kutalika kwake eti. Chomwe chinkadutsa ndi kugunda kwa kamtengo kokha. Ampu ya gitala polowera pake pamakhala 1 megohm, ukabwereza samu yomweyo sefa ija imatsikira cha pa 8 Hz, bezi yonse imadutsa bwinobwino. Mamikisa ena ndi ma sound card amakhala ndi batani lolembedwa Hi-Z kapena inst la ntchito yomweyi, yathuyi ilibe.

Mankhwala ake anali ophweka mochititsa manyazi. Mlamu anakabwereka ka tuner ka Boss, TU-3, kwa woimba gitala wa kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ma pedal a Boss amakhala ndi buffer mkati, ka seketi kogwirizanitsa impedance ya chida ndi ya mikisa, yomwe imagwira ntchito ngakhale pedal usanaiponde, bola muli batire, polowera 1 megohm, potulukira impedance yotsika yomwe mikisa imakondwa nayo. Piezo kulowa mu pedal, pedal kulowa mu mikisa, basi. Ndinamenya G kamodzi madala anachita kuvula chipewa. Zinthu ziwiri zoti mudziwe, waya wochoka pa piezo kupita pa pedal akhale waufupi komanso wa shield apo ayi hamu ibwerera, ndipo mukamaliza muzisolola jaki ya polowera chifukwa ikakhala momwemo batire ya 9V imangodyeka usiku wonse. Malo omata piezo omwe ndakhazikika ndi pansi pa phazi limodzi la buliji ndi kachubu kaja pamwamba, low pa mikisa ili pakatikati basi, high ndachepetsa pang'ono kuti kha kha atsale wongokwanira kupereka biti.

Za zipangizo, ine Ndirande sindidzaisiya. Mu msika muja mulibe chomwe ungasowe ukakhala ndi nthawi yofunsa, bawuti ndi wasala ndinazipeza momwemo, tayala lakutha anangondipatsa okonza matayala atamva kuti ndi la babatoni, wina mpaka anandiimbira ka nyimbo kkk. Ma jaki ndi waya wa shield ndimakonda ku Limbe, koma muzitsegula jaki muone mkati musanalipire, ena ndi opyapyala ukangowotcherera pulasitiki imasungunuka. Zimandikumbutsa banjo yanga yoyamba ndili ku pulayimale, chigubu cha mafuta ophikira, chikopa cha mbuzi, zingwe zosolola mu kebulo ya buleki ya njinga ya malume, ndipo malumewo anadziwira pa mtsetse kuti buleki yakumbuyo kulibe. Banjo imeneyo ikanakhalapo ndikanaimatanso piezo.

Sikuti zonse zatheka. Kukachita chiperoni chikopa chimafooka, buliji imamira, G amatsika mpaka kufuna kufika pa F, nde pamafunika mbaula pafupi ndi sipanala m'thumba. China ndi reggae ya mnzathu uja. Pa kwela ndi za Namoko babatoni amayenda yekha, waya azingolira botolo likutsetsereka, koma bezi ya reggae imafuna mipata, noti igunde kenako zii, nde manja onse awiri ali otanganidwa, lina botolo lina kamtengo, uzimitsa ndi chiyani? Pano ndikuyesera kusiya kamtengo kagonere pa waya ndikangomenya, zikutheka pa nyimbo zodekha koma tikathamanga ndimasokonezeka ndipo wa gitala amandiyang'ana ndi diso lija. Biti ya ku Balaka ndiye sitinaiyese nkomwe, mlamu akuti akufuna aiganizire kaye mmene ingamvekere popanda ng'oma za mu kiyibodi.

Dzina tilibe. Madala akuti titenge la mtsinje monga ankachitira akale, Chimvu River, Likhubula River, koma mtsinje wodziwika wapafupi ndi Mudi ndipo aliyense wa mu Blantyre akudziwa fungo lake. Woimba ng'oma tilibenso, mawu aliyense akukankhira mnzake, nyimbo yathuyathu ilipo imodzi yokha ndipo vesi yachiwiri sinalembedwe. Mlamu akuti tiyambire m'zinkhoswe ndi maukwati kuti tipeze ya sipika yathu, wa gitala akuti iye saimba pa pelekanipelekani, akufuna tikaonekere ku Tumaini ku Dzaleka, ine ndikuti ngati tikulota tilote Lake of Stars kenako Zanzibar, bwanji kodi. Ndikufunanso babatoni wachiwiri wamfupi wochuna pa C, mwina wa mawaya awiri, kaya.

Koma choyamba pedal ija ndi yobwereka ndipo mwini wake akuifuna Lamulungu lililonse. Mfana wa mafoni akuti buffer tikhoza kupanga tokha, chip ya TL072 imodzi, ma resistor angapo, ma capacitor awiri ndi batire ya 9V, zonse kulowa mu chitini cha polishi wa nsapato kuti chitsulocho chitchinge hamu, nkukhomera pa bokosi la babatoni pompo. Ma TL072 amadzadza mu mamikisa akale, nde amene muli ndi bodi ya mikisa yakufa kunyumba musataye chonde, tiipempha.