Lachitatu m'chipinda chosungiramo zigoba za gule wamkulu

Mvula yagwa usiku wonse, ndipo m'mawa uno kachipangizo koyezera chinyezi kamaloza pa 74 peresenti. Chinyezi chikapitirira 65 kwa masiku angapo, nkhungu siichedwa kumera pa zikopa ndi pa nsalu. Choncho ntchito yoyamba inali kukoka mashelefu kuti atalikirane ndi khoma ndi kuyatsa fani. Mawindo sanatsegulidwe, chifukwa nthawi ya dzinja mpweya wakunja ndiwo umabweretsa chinyezicho.

Ntchito yeniyeni ya lero inali katoni ya zigoba zisanu za gule wamkulu yomwe inafika sabata yatha. Katundu watsopano salowa m'chipinda chachikulu tsiku lomwe wafika. Amagona kaye payekha, chigoba chilichonse pa pepala lake lakuda, kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Pepala likapezeka ndi ufa woyera wonga wa mgaiwa, ndiye kuti anankafumbwe akadali moyo m'kati mwa mtengo. Mabowo okha sanena kanthu, angakhale akalekale. Lero mapepala awiri anapezeka ndi ufa.

Ziwirizo zinakulungidwa m'pepala lofewa, n'kuikidwa m'jumbo ya pulasitiki yokhuthala, mpweya n'kufinyidwa, kukamwa kwake n'kumatidwa. Zikhala mufiriza pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Pali malo awiri pomwe anthu amalakwitsa. Poyamba, kudzaza firiza: kuzizira kukamalowa pang'onopang'ono, tizilombo timazolowera ndipo ena amapulumuka. Kachiwiri, kumasula jumbo atangoitulutsa. Madzi a mumpweya amatera pa chigoba chozizira, utoto n'kuyamba kusuwuka. Jumbo izikhala yomata tsiku lathunthu, mpaka ifunde yokha. Magetsi akazima kwa maola ambiri m'kati mwa sabatayo, kuwerenga masiku kumayambiranso. Mankhwala opopera a m'sitolo ayi: amathimbiriritsa nthenga ndi khonje, ndipo salowa m'kati mwa mtengo.

Cha m'ma 10 koloko inali nthawi ya manambala. Nambala imakhala ndi magawo atatu: chaka, gulu la katundu wobwera pamodzi, ndi chinthucho. Imalembedwa m'kati mwa chigoba, pamalo opanda utoto. Pamayamba kapakidwe kopyapyala ka Paraloid B-72, mankhwala onga vanishi, wosungunulidwa mu asetoni, kakauma inki, pamwamba kapakidwe kena. Akatero, nambala ikhoza kufufutidwa mtsogolo osasiya chipsera. Selotepi ndi zomata za pepala zimagwa pakapita zaka zochepa, guluu wake n'kutsalira.

Vuto linabwera pa makhadi ofotokoza chigoba chilichonse. Mwa zisanuzo, chimodzi chokha chinabwera ndi kapepala kolembedwa dzina la chilombocho, mudzi, ndi mizere iwiri ya nyimbo yake. Zinayi zinazo, khadi lake likungonena kutalika, mtundu wa utoto, ndi zoti pali nthenga kapena ubweya. Chigoba chofiira munthu angathamangire kulemba kuti ndi Simoni, koma zofiira zilipo zambiri, ndipo chilombo chimodzimodzicho chimasintha nkhope ndi dzina kuchoka ku Dedza kufika ku Kasungu. Kulemba mongoganizira n'koipa kuposa kusiya mpata, chifukwa wobwera pambuyo adzakopera bodzalo ngati choonadi.

Apa m'pomwe ntchito ya Bambo Claude Boucher imaonekera kukula kwake. Wansembe ameneyu, wa chipani cha White Fathers, wochokera ku Canada, anafika m'Malawi mu 1967, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Achisale. Mu 1976 anakhazikitsa malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni pa Mua Mission m'boma la Dedza, mishoni yomwe inayamba mu 1902. Ambiri amadziwa Kungoni chifukwa cha zosema. Koma nyumba yake yosungiramo zachikhalidwe, Chamare, yotchedwa dzina lomwe anthu ankaitanira Bambo Champmartin, wansembe wakale wa pa Mua, ikufotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba mazana angapo. Mphamvu ya katunduyo ili m'zolemba zomwe zimayenda naye. Kwa zaka zambiri Achisale ankapita kumaliro ndi kuzinamwali, n'kumalemba dzina la chilombo, kavinidwe kake, nyimbo yake m'Chichewa, ndi mwambo womwe akulu amati chikuphunzitsa. Buku lawo la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, linatuluka m'zolemba zoterozo. Wina angatsutse matanthauzo ena omwe iwo anapereka, ndipo n'zololedwa, popeza tanthauzo la nyimbo ya gule silikhala limodzi. Koma wotsutsayo ali ndi pogwira, chifukwa mawu a nyimboyo analembedwa.

Mkangano wa ngati maonekedwe a chinthu amakwanira kunena tanthauzo lake ndi wakale. Mu 1887 katswiri wa zachikhalidwe Franz Boas anatsutsana ndi Otis Mason wa ku nyumba yosungiramo zinthu ya boma ku Washington. Mason ankasanja zinthu potsata mtundu wake, mauta onse pamodzi, miphika yonse pamodzi, kaya zachokera kuti. Boas anati zinthu zofanana maonekedwe sizifanana tanthauzo, n'kupereka chitsanzo cha chisekese: kwina n'choseweretsa ana, kwina n'choitanira kapena kuthamangitsira mizimu. Iye ankafuna kuti katundu asanjidwe potsata anthu ake. 

Masana kunali kujambula zithunzi: kutsogolo, m'mbali zonse ziwiri, kumbuyo ndi m'kati, rula ili pambali. Chithunzi cha m'kati chimaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndicho chimaonetsa ngati chigoba chinavinidwa kubwalo kapena chinasemedwa kuti chigulitsidwe kwa alendo. Chogwiritsidwa ntchito chimakhala chosalala ndi chakuda m'mphepete, mabowo a zingwe atatambasuka. Mwa zitatu zomwe sizinalowe mufiriza, ziwiri zikuoneka zatsopano m'kati, sizinaonepo fumbi la kubwalo.

Zithunzizo sizipita pa Facebook. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, koma zimenezo sizinachotse chinsinsi cha kudambwe. Pakhadi pali mzere wofunsa ngati chinthu chingaonetsedwe kwa aliyense, ndipo oyankha mzerewo ndi eni mzinda, osati wosunga katundu. Palinso zilombo zomwe sizinapangidwe kuti zikhalitse. Kasiyamaliro, wolukidwa ndi makoko a chimanga, amawotchedwa mwambo ukatha. Kumusunga pashelefu n'kulimbana ndi mbewa komanso ndi mwambo womwe unamupanga.

Pofika 4 koloko chinyezi chinatsikira pa 68. Zigoba zitatu zopanda ufa zatsamiritsidwa pa nkhata za nsalu yoyera, nthenga zisakhudze thabwa. Kalata yalembedwa yopita kwa a gulupu a mudzi wotchulidwa pa kapepala kaja, kupempha tsiku lokumana ndi akulu. Zithunzi zosindikiza zipita mu envulopu yomata, ndipo mafunso ake ndi anayi: dzina la chilombo, nyimbo yake yonse, nthawi yomwe chimatuluka kubwalo, ndi amene ali woyenera kuchiona.