Ofesala wathu wa m'basi

Ulendo wa pabasi wochokera ku Blantyre kupita ku Joni uli ndi zidindo 6: kutuluka pa Mwanza, kulowa pa Zóbuè, kutuluka pa Cuchamano, kulowa pa Nyamapanda, kenako ziwiri pa Beitbridge, china tsidya lino la Limpopo, china tsidya linalo. Pasipoti yanga pofika ku Park Station inali ndi zidindo zatsopano 17.

Munali mu 2016, ndipo mwana wathu wachisamba, wa zaka 6, ankatuluka m'Malawi koyamba. Mapepala ndinakonza mosamala. Nthawi imeneyo South Africa inkafuna kuti mwana aliyense wosakwana zaka 18 akhale ndi kalata yakubadwa yosonyeza mayina a makolo onse awiri, pamwamba pa pasipoti yakeyake. Zonse ndinaika m'kajumbo, kajumboko m'thumba la malaya.

Pa Mwanza mwana sanasamale za osintha ndalama kapena amayi ogulitsa mbatatesi. Maso ake anali pa dzanja la ofesala. Chidindo chija chitati phaa pa pasipoti yake, anandikoka buluku.

"Ababa, ameneyu amalipidwa chifukwa chomenya buku?"

Ndinavomera. Pa Zóbuè anaoneranso, ulendo uno ali m'manja mwanga kuti ofesala aone nkhope. Titakwera basi anapempha kuti agwireko mapasipoti aone zidindo zake ziwirizo. Mayi ake anakana. Ine, pofuna kuoneka bambo wamakono, ndinati mwana aziphunzira. Ndinampatsa onse atatu.

Kuchoka pa Zóbuè kukafika pa Cuchamano ndi makilomita oposa 250, ndipo pakati pake pali Tete. Amene sanalaweko kutentha kwa ku Tete asanene kuti ku Nsanje n'kotentha. Titangodutsa Moatize, tulo tinandigwira ngati ndamenyedwa ndi chibonga. Mlatho wa pa Zambezi, umene ndinalonjeza mwana kuti ndidzamuonetsa, ndinaudutsa ndikuliza mkonono. Mayi ake nawonso anali atapita.

Zida zimene anagwiritsa ntchito ndinaziona pambuyo pake: chitsekero cha botolo la Fanta, ndi lipisitiki wofiira wa mayi ake wa m'chikwama cha m'manja. Ankapaka m'mphepete mwa chitsekero, n'kuchiika patsamba, n'kuchimenya ndi nkhonya. Chitsekero chachitsulo chili ndi mano, ndiye chidindo chimatuluka chozungulira bwinobwino, cha maluwa m'mbali. Kunena zoona, chinkaoneka bwino kuposa cha boma.

Pa Cuchamano kondakitala anatidzutsa. Ndinalanda mapasipoti osatsegula, n'kukaima pamzere. Ofesala anatsegula yanga, n'kukhala chete. Anatembenuza tsamba, kenako lina. Anandiyang'ana kumutu, anayang'ananso m'buku, n'kuitana mnzake. Chipwitikizi changa chimathera pa "bom dia", koma mwamwayi mnzakeyo ankalankhula Chinyanja cha ku Tete.

"Bambo, mayiko 11 amenewa mwawayenda liti?"

Ndisanatsegule pakamwa, mawu anamveka m'munsi mwa kauntala.

"Ndadinda ine! Kuti tisamaimenso pamzere."

Apa pali phunziro la ntchito, kwa amene zingawaonekere. Pasipoti yolembedwalembedwa imatengedwa ngati yowonongeka, ndipo ofesala ali ndi mphamvu yokubwezani. Chimene amayang'ana kwambiri ndi tsamba la chithunzi ndi zidindo zenizeni, ngati zikuwerengeka. Musathire madzi kapena malovu, chifukwa inki ya chidindo chenicheni ndi imene imayamba kusungunuka, pomwe lipisitiki ndi wamafuta, madzi samuchotsa. Musatikitenso, amangofalikira. Tengani tishu youma, muzidinikiza n'kunyamula, tsamba lililonse palokha, ndipo pakati pa masamba muikepo tishu ina kuti asamatirane. Chofiiracho sichitheratu, chimangozilala.

Ndinagwira ntchito imeneyi pabenchi kwa mphindi 40, basi yonse ikundidikira padzuwa. Gogo wina wonyamula ufa ndi usipa wa ana ake ku Joni anafika pafupi n'kuti, "Mwanayu ndi wanzeru, vuto ndi bambo ake." Mayi a mwana sanayankhe, koma anagwedeza mutu movomereza. Iwo chimene chinkawapweteka ndi lipisitiki, amene anatsala kachitsa.

Mwayi wanga unali woti mwana anasiya tsamba la chithunzi. Akuti nkhope ya ababa inali yokwiya kale. Mapasipoti awiri enawo sanawakhudze, ati anayamba ndi wamkulu. Ofesala anaunika chidindo cha pa Zóbuè, anapeza deti likuoneka, n'kudinda. Pondibwezera buku anandiyang'ananso kumutu, mapewa akugwedezeka.

Pa Nyamapanda zinali chimodzimodzi: mafunso ochepa, kenako maso kumutu kwanga, kenako kuseka. Ndinkaganiza kuti nkhani yadutsa malire patsogolo pathu.

Tinafika ku Harare usiku. Ndinalipira dola, n'kulowa kuchimbudzi kukasamba kumaso. Nditawerama pagalasi, ndinachiona. Pakati penipeni pa dazi langa panali chidindo chofiira, chozungulira, cha mano ake onse. Ndinali nditayenda nacho zipata ziwiri, ndipo m'basi ya anthu oposa 50, kuphatikizapo mkazi wanga wa ukwati woyera, panalibe anandiuza.

Nditabwerera pampando ndinamufunsa mwana chifukwa chake.

"Inunso mumayenera kulowa m'Zimbabwe, ababa."