Ozimitsa moto akhala bwanji kholo la mwana?

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi Part 9 ya Children and Young People (Scotland) Act 2014, lamulo la ku Scotland lokhudza ana ndi achinyamata, ndipo usiku wathawu mpamene mutu wanditseguka. Mtima wakhala pansi, abale.

Chinkandizunguza ndi mndandanda wa corporate parents, mabungwe amene lamuloli linawapatsa udindo wonga wa kholo pa ana osamalidwa ndi boma, 24 aja amene udindo wawo unayamba mu Epulo 2015. Khonsolo ndinkamvetsa, a zaumoyo ndinkamvetsa. Koma apolisi? Ozimitsa moto? Creative Scotland, bungwe la zaluso? Ine ndinkayesa kuti lamuloli lalanda ukholo kwa eni ake n'kuugawa ngati nyama ya paukwati, aliyense kanthuli kake, ndiye ndinkangofunafuna kuti wamkulu pa onsewa ndani. Ayi ndithu. Kwa ana ambiri mphamvu za ukholo zikadali m'manja mwa mayi ndi bambo awo, moti ena akugona kwawo komweko pansi pa compulsory supervision order, chigamulo choti khonsolo iziyang'anira mwana, chochokera ku Children's Hearing, bwalo lomva nkhani za ana.

Chimene chinandimasula ndi kuganizira za malume akwathu. Kwathu bambo amalima, amagula yunifolomu, koma mwinimbumba ndi malume, azakhali nawonso ali ndi mbali yawo. Palibe amene amayamba wafunsa kuti mwanayu ndi wa yani asanamupakulire nsima. Umwini ndi china, udindo ndi china. Section 58 ya lamuloli ikunena za udindo basi: khalani tcheru ndi zimene zingamupweteke, dziwani zosowa zake, mutsegulireni mwayi, pamalo pomwe inuyo mukugwira ntchito. Koleji siisanduka mayi. Koma ikamatseka zipinda zogona ophunzira pa Khirisimasi iyenera kukumbukira kuti pali wina alibe koti apite. Umwini china, udindo china. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kuyambira m'mawa ngati nyimbo.

Njira imene inandithandiza ndi pepala lalikulu la pakhoma. Ndinapeka mtsikana wa zaka 15 wosamalidwa ndi boma, ndinamujambula pakati, kenako ndinamutsatira Lolemba mpaka Lamlungu: basi, sukulu, kwa dokotala wa mano, pamsonkhano ndi social worker (woona za chisamaliro cha anthu), kumpira. Aliyense wokumana naye ndinkamulemba m'mbali. Pofika Lachinayi mabungwe anali atadzibweretsa okha, ndipo section 60 ya kugwirira ntchito pamodzi ndinaimva ndisanaiwerengenso. Ndikuti njira imeneyi ingakhozetse munthu phunziro lililonse, ngakhale masamu. Anzanga aja a timakadi toloweza akungotaya nthawi.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha maola awiri akuthamangitsa masilaidi, kuyambira lipoti la Kilbrandon la 1964, limene linabala Children's Hearing, mpaka lero, osatchula mwana ngakhale mmodzi. Nditafunsa anangoti zonse zili m'zowerenga za sabata ino. Ndiwerenga nthawi yanji? Ndimaweruka 8 koloko m'mawa kunyumba yosamalira okalamba, 10 koloko ndili m'kalasi maso ali psuu.

Komabe kamtsikana kanga ka papepala kakundisowetsa tulo. Angathe kukhalabe kumene akusamalidwa mpaka zaka 21, thandizo lina mpaka 26, kenako makolo onse aja amasulidwa tsiku limodzi. Malume sachita zimenezo. The Promise, lipoti la mu 2020 lolonjeza kukonza chisamaliro cha ana ku Scotland, ikulankhula za chikondi, ndipo akuti lonjezolo likhale litakwaniritsidwa pofika 2030. Ndikufuna kukhulupirira. Kaya bungwe lingakonde mwana, kaya amakonda ndi munthu mmodzi wa m'bungwemo amene mawa angasamutsidwe, pamenepo cholembera changa chaima kaye.