Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kumanga ku Tete ndi ku Beira

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ntchito inandithera ku Limbe. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha mu 1992, anzathu amene anathawira kuno akubwerera kwawo, ndipo mbiri inamveka yoti ku Tete amisiri akusowa. Malume anga, amene anandiphunzitsa kugwira mpeni ndi levulo, anangoti: "Mphwanga, pita, koma chikombole usiye konkuno. Kumeneko samanga ngati ife."

Ine ndinakulira m'njerwa zowotcha. Malumewo ankakonda kunditengera ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, osati kukapemphera kokha ayi, komanso kukawerenga mizere ya njerwa. Tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire zojambula mapulani, ndipo anthu akuda amene anaumba, kuwotcha ndi kuyala njerwazo anali asanamangepo chinthu chotero. Njerwa zina n'zopindika, zina zosongoka, chilichonse ndi chikombole chake, ndipo khomalo silinabisidwe ndi pulasitala. Mmisiri akaima pamenepo amaona dzanja la mnzake wa kalekale. Chapafupi pali Mandala House ya 1882, ya khonde lalikulu. Kamangidwe ka nthawi ya Angerezi kwathu n'komweko basi: njerwa, denga la malata lotsetsereka, khonde lotchinga dzuwa ndi mvula. Pitani ku Zomba mukaone nyumba zakale za boma, n'chimodzimodzi.

Nditadutsa pa Mwanza ndi Zóbuè, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo uja, ndinapeza tauni yamtundu wina. Pakati pa tauni njerwa sizinkaoneka. Konse kunali konkire ndi pulasitala, nyumba zosanjikiza, mashopu pansi anthu akugona pamwamba, madenga ambiri afulati. Tete ndi kotentha koopsa, ndipo apa Apwitikizi ndiwapatsa ulemu wawo. Ankaika mabuloko a zibowo kuti mphepo izidutsa m'masitepe, pamwamba pa mawindo n'kutulutsa kakonkire kopereka mthunzi. Ife dzuwa timalithawira pakhonde. Iwo ankalitchingira pakhoma pomwepo.

Kusiyanaku kunandizunguza mutu mpaka mkulu wina wachinyungwe, amene tinkamutchula kuti mestre, kutanthauza mmisiri wamkulu pa Chipwitikizi, atandimasulira. Ku Nyasaland azungu anali ochepa: amishoni, a boma, eni minda ya tiyi ndi fodya, aliyense nyumba yake pabwalo lake. Ku Mozambique Apwitikizi anakhamukira m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mpaka kufika pafupifupi 200,000, ambiri osauka kwawo, odzakhala m'tauni. Anthu otere amafuna mafulati. Ndiye pamene ife tinkalandira ufulu mu 1964, iwo anali akumangabe mwamphamvu, osaganiza kuti 1975, chaka cha ufulu wa Mozambique, ikubwera.

Zimenezi ndinaziona bwino ntchito itanditengera ku Beira. Siteshoni ya sitima ya 1966, ndi denga lake lalikulu lopindika, inandiimitsa pamsewu kukamwa kuli yasa. Koma Grande Hotel inandiwawa mumtima. Inatsegulidwa mu 1955, n'kutsekedwa mu 1963 chifukwa alendo sankakwana. Pomwe ndinkaiona, munali mabanja osawerengeka, mawindo ndi zitseko zitachoka, mitengo ikumera m'makoma, amayi akuchapa m'dziwe losambiramo lija. Konkire yake inali yaluso kwambiri, moti ndinaigwira ndi manja.

Chimodzi chokha n'chofanana mbali zonse ziwiri, ndipo chimandipweteka mpaka lero. Amene anakanya matope sanagone m'nyumbazo. Ku Mozambique kunali tauni ya simenti ya azungu, kunja kwake tauni ya bango ya eni dziko. Kwathu omanga Blantyre madzulo ankabwerera ku Ndirande. Mu 1976 boma la Samora Machel linalanda nyumba za lendi, anthu n'kulowa m'tauni ya simenti, koma ndalama zokonzera zinasowa, kenako nkhondo.

Ntchito yathu yambiri inali yokonza zimenezo. Khoma la njerwa likawonongeka umachotsa njerwa yowolayo, n'kuika ina. Konkire ndi ina nkhani. Madzi akalowa padenga lafulati, makamaka ku Beira kwa mphepo yamchere, zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri, zimatupa, konkire n'kusweka yokha. Umayenera kugumula mpaka upeze chitsulo chabwino, kuchipala, kumanga matabwa, n'kuthira ina. Mestre uja ndi amene anandiphunzitsa kupinda zitsulo ndi kuumba mabuloko a simenti, luso limene linadzandidyetsa kuno boma litaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu mu 2018, pofuna kuteteza mitengo.

Ndinabwerera kumudzi chifukwa cha uthenga woti malume akudwala. Za ulendo umenewo, ndi nyumba imene ndinawamangira, tidzakamba m'gawo lotsatira.