"Last week" ndi "in the last week" si chimodzi

Abale athu ambiri kuno ku Joni timasokoneza mawu awiriwa polembera abwana pa WhatsApp kapena poyankha mafunso kuchipatala, chonsecho amasiyana kwambiri.

"Last week" ndi sabata yatha, yomwe inadutsa yonse. Ngati lero ndi Lachinayi, dzulo ndi dzana mulibemo. Mneni wake amakhala wa nthawi yakale: "I worked in Randburg last week." Apa musaikepo "have", chiganizo chimalakwika.

Mukangowonjezera "in the", mawerengedwe asintha. "In the last week" ndi masiku 7 kuchokera lero kubwerera m'mbuyo, ndipo nthawi zambiri amayenda ndi "have": "I have coughed a lot in the last week." Nesi akamva choncho amadziwa kuti vutolo lafika mpaka masiku ano. Mukangoti "last week", angaganize kuti munachira kale, ndipo zimenezi kuchipatala si zazing'ono. "In the past week" ndi chimodzimodzi, sankhani amene akukupepukirani pakamwa. Chinthu chikamasintha pang'onopang'ono, "over" ndiye amakoma: "Prices have gone up over the past month."

"Recently" amalola chinthu chochitika kamodzi: "I moved to Yeoville recently." Koma "lately" amafuna chobwerezabwereza kapena chopitirira, monga "Taxis have been full lately." Kusamuka kamodzi kuja musakunene ndi "lately".